Njira ya katswiri wa mathematical physics: kuchokera ku digiri yoyamba mpaka ntchito yokhazikika

Tiyamike:
Moni nonse pagulu pano. Funso langa likukhudza ophunzira amene ali m'chaka chomaliza cha digiri yoyamba, ochita masamu ndi fizikisi limodzi, amene mtima wawo uli pa mathematical physics. Amene mukuidziwa bwino njirayi tiyalireni: munthu amaphunzira chiyani, amadutsa masitepe ati, zimatenga zaka zingati, ndipo ambiri amagwera pati? Komanso imasiyana bwanji ndi theoretical physics, poti ambirife timangoziphatikiza?

Bambo Kachingwe:
A Tiyamike, ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa zina zonse zikudalira pamenepo.

Wa theoretical physics amafuna nambala yoti akaiyerekeze ndi zimene zayezedwa mu labu. Nambala ikagwirizana ndi zoyezedwazo, ntchito yayenda, ngakhale panjira atadumpha malo ena osawatsimikizira. Wa mathematical physics amatenga funso lomwelo n'kufunsa kuti, chinthu tikuwerengerachi chilipodi? Zimene tikunenazi zikutulukadi mu zimene tayambira? Chimene amatulutsa kumapeto ndi theorem ndi umboni wake wathunthu.

Schrödinger analemba equation yake mu 1926, ndipo anthu anayamba kuwerengera maatomu nthawi yomweyo n'kumapeza mayankho olondola. Koma umboni woti Hamiltonian (operator ya energy) ya atomu ya ma electron ambiri ndi self-adjoint, kutanthauza kuti equation ija ili ndi yankho limodzi lokha loyenda ndi nthawi, unabwera mu 1951 kuchokera kwa Tosio Kato. Zaka 25 zinadutsa. Chimodzimodzi funso loti n'chifukwa chiyani zinthu sizimangofwafwanizika, popeza ma electron ndi ma nucleus amakokana: Dyson ndi Lenard analitsimikizira mu 1967, kenako Lieb ndi Thirring anapeza umboni waufupi ndi wabwinopo mu 1975. Ntchito yake ndi ya mtundu umenewo. Amene sakondwera ndi kutha chaka chathunthu akutsimikizira chinthu chimene a fizikisi amachikhulupirira kale, aganize kawiri.

Nachisale:
Pa zophunzira, ndinene mosabisa kuti chimene chimagwetsa ambiri ndi analysis, osati fizikisi. Wophunzira azifika pa masters atadziwa real analysis, measure theory ndi Lebesgue integral, complex analysis, linear algebra ya umboni osati yongochulukitsa ma matrix, ndi ma differential equation. Pa masters awonjezere functional analysis, makamaka Hilbert space ndi spectral theorem, ma PDE (partial differential equation), probability yomangidwa pa measure theory, differential geometry, ndi ma Lie group. Ku fizikisi akufunika zinayi: classical mechanics ya Lagrange ndi Hamilton, electrodynamics, quantum mechanics, ndi statistical mechanics. Quantum field theory ndi general relativity zimabwera pambuyo, malingana ndi nthambi imene wasankha.

Kuti muone chifukwa chimene ndikulimbikira analysis, tengani ichi. Mu kosi ya quantum mechanics timauzidwa kuti momentum, p = -i d/dx, ndi Hermitian, basi n'kupitirira. Tsopano ikani kanthu kanu pa mzere woyambira pa 0 mpaka ku infinity, pali khoma pa 0. Mukachita integration by parts pa ma function amene ndi zero pafupi ndi khomalo, p ikuoneka bwinobwino, ndi symmetric. Koma symmetric ndi self-adjoint ndi zinthu ziwiri zosiyana. Muyeso wa von Neumann umati: pezani mayankho a p*ψ = iψ ndi a p*ψ = -iψ (p* ndi adjoint ya p) amene ali mu L², kutanthauza amene integral ya |ψ|² ili ndi malire, muwerenge kuti alipo angati. Yoyamba imapereka e^(-x), imene ili mu L². Yachiwiri imapereka e^(x), imene imangokulirakulira, siili mu L². Ndiye mbali imodzi 1, mbali ina 0. Manambalawa akasiyana, palibe njira iliyonse yoisandutsa p kukhala self-adjoint. Pa mzere umenewu momentum si chinthu choyezeka.

Ndipo fizikisi yake ikumveka. Momentum ndi imene imasuntha wavefunction. Mukaisunthira kumanzere, gawo lina likagwera kuseri kwa khoma, probability n'kutayika. Pa mzere wa 0 mpaka 1 manambala aja ndi 1 ndi 1, ndiye njira zilipo, koma zambirimbiri: ψ(1) = e^(iθ) ψ(0), ndipo θ iliyonse ili ndi spectrum yakeyake, θ + 2πn. Muyenera kusankha nokha, ndipo kusankhako ndi fizikisi.

Wophunzira amene sangachite zimenezi pa bolodi popanda notsi sanakonzeke kuyamba PhD ya quantum. Si mwano, ndi muyeso chabe.

Tiyamike:
Zikomo mayi Nachisale. Nanga amene yunivesite yake siphunzitsa measure theory kapena functional analysis pa digiri yoyamba? Ndiye kuti khomo latsekeka?

Mphatso:
Ayi achemwali, pali mapulogalamu amene anakhazikitsidwira mpata womwewo.

AIMS (African Institute for Mathematical Sciences) inayamba mu 2003 ku Muizenberg, pafupi ndi Cape Town, ndipo anaiyambitsa ndi Neil Turok. Pano ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Masters yake sikwana chaka chathunthu, makosi ake ndi a masabata 3 iliyonse, kumapeto kuli kafukufuku wamfupi. Ubwino wake waukulu ndi woti aphunzitsi amachokera ku mayunivesite osiyanasiyana, ndiye wolimbikira amatuluka ndi munthu wodziwika womulembera kalata. Kuipa kwake, masabata 3 sangakuphunzitseni functional analysis mozama. Imatsegula maso ndi makomo, koma kuzama muyenera kuwonjezera.

ICTP (International Centre for Theoretical Physics) ya ku Trieste ku Italy, imene Abdus Salam anaikhazikitsa mu 1964, ili ndi Postgraduate Diploma ya chaka chimodzi ya ophunzira ochokera m'mayiko amene akutukuka kumene, ndipo cholinga chake ndi kukonzekeretsa munthu ku PhD. Ili ndi nthambi ya masamu, ya high energy physics, ya condensed matter ndi zina. Mumzinda womwewo muli sukulu ya maphunziro apamwamba ya SISSA, imene ili ndi PhD ya mathematical physics. Ku Kigali kuli EAIFR (East African Institute for Fundamental Research), yogwirizana ndi ICTP. Ku Canada kuli Perimeter Scholars International ku Waterloo, imene yapendekera ku fizikisi. Ku Cambridge kuli masters ya masamu yotchedwa Part III, ya miyezi 9, yothamanga kwambiri, ndipo imafuna munthu wobwera ndi maziko kale.

Langizo langa: wofuna kutsimikizira ma theorem akafika pa ICTP asankhe nthambi ya masamu, ngakhale mtima ukukokera ku high energy. Fizikisi munthu wa masamu amatha kuitola pambuyo powerenga ndi kukhala nawo m'masemina. Chizolowezi cholemba umboni wopanda bowo n'chovuta kuchitola wekha utakula.

Yamikani:
Apa achimwene a Mphatso sindikugwirizana nanu kwathunthu. Edward Witten digiri yake yoyamba inali ya history ku Brandeis mu 1971, PhD yake ya fizikisi ku Princeton mu 1976, ndipo mu 1990 analandira Fields Medal, mphoto ya anthu a masamu. Pepala lake la 1989 lolumikiza Chern-Simons theory ndi Jones polynomial linagwiritsa ntchito path integral imene mpaka pano ilibe tanthauzo lathunthu la masamu, komabe linasintha topology. Freeman Dyson analibe PhD n'komwe. Ndiye kunena kuti khomo ndi masamu okha n'kuchepetsa phunziroli. Amene wayambira ku masamu okha amatha kutsimikizira bwinobwino zinthu zimene wa fizikisi aliyense alibe nazo ntchito.

Bambo Kachingwe:
A Yamikani, mfundo yanu yomalizayo ndi yoona ndipo ndi matenda enieni. Pali mapepala ambiri olondola mzere uliwonse koma model yake ilibe chochita ndi chilengedwe. Komabe Witten ndi Dyson si anthu oti wophunzira akonzere moyo wake potengera iwo.

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Mayunivesite ambiri alibe dipatimenti ya mathematical physics. Ali ndi ya masamu, ali ndi ya fizikisi. Tsiku lofunsira ntchito, imodzi mwa ziwirizi ndi imene idzakulembeni, ndipo iliyonse ili ndi sikelo yake. Komiti ya masamu imafunsa kuti, watsimikizira theorem yanji, yatuluka mu journal iti? Mapepala 4 kapena 5 olimba akhoza kukwanira. Komiti ya fizikisi imafunsa kuti, wanena chiyani chatsopano chokhudza chilengedwe, ndani akugwiritsa ntchito? Iwo amayembekezera mapepala ochulukirapo ndi anthu ambiri owatchula. Amene wayesa kukondweretsa onse mofanana amapezeka kuti a masamu akuti ndi wa fizikisi, a fizikisi akuti ndi wa masamu. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani nyumba imodzi musanafike pakati pa PhD, muzilemba mwa chilankhulo cha nyumba imeneyo, kwinako muzikachezako. Kwa amene ntchito yake ndi umboni, nyumbayo kawirikawiri ndi masamu.

Yamikani:
Pa kusankha nyumba ndavomera. Ndingowonjezera kuti wosankha fizikisi, makamaka string theory ndi zoyandikana nazo, asadzione ngati wasochera. Kungoti malamulo ake ndi ena: mapepala amapita ku hep-th, gawo la high energy theory pa arXiv (nkhokwe ya mapepala a kafukufuku ya pa intaneti), amawerengedwa pa INSPIRE (tsamba losunga ndandanda wa mapepala a fizikisi), ndipo liwiro lake ndi lalikulu.

Tiyamike:
Tabwerani ku PhD. Woyang'anira amasankhidwa bwanji, ndipo zaka zimagawidwa bwanji?

Nachisale:
Kutalika kwake kumadalira dziko. Ku France kontrakiti ya PhD ndi zaka 3. Ku UK ndi ku Germany zimakhala 3 mpaka 4. Ku Ulaya kawirikawiri mumalowa muli ndi masters, ndipo nthawi zambiri mumafunsira kwa munthu kapena gulu limene mudzagwire nalo. Ku United States ndi zaka 5 kapena 6, mukhoza kulowa ndi digiri yoyamba, zaka 2 zoyambirira ndi makosi ndi mayeso a qualifying, ndipo woyang'anira mumamusankha muli kale mkati. Kwa amene maziko ake ali ndi mipata, dongosolo la ku America limapereka mpata wopuma. Zaka 3 za ku France sizidikira munthu.

PhD ya phunziroli musadzilipirire. Malo abwino amabwera ndi malipiro kapena sikolashipu. Akakuuzani kuti bwerani koma ndalama mupeze nokha, dziwani kuti gululo silinakuwerengereni.

Posankha woyang'anira musayang'ane kutchuka kokha. Tsegulani arXiv, muone mapepala ake a zaka 5 zapitazi. Akulembabe? Akulemba ndi ophunzira ake? Kenako pitani pa Mathematics Genealogy Project, tsamba losonyeza amene anayang'anira PhD ya aliyense, muone amene anamaliza pansi pake, mufufuze kuti ali kuti lero. Mulembere imelo mmodzi kapena awiri a iwo, muwafunse kuti ankakumana naye kangati pa mwezi, ndipo akamupatsa zolemba zinkabwerako patatha nthawi yaitali bwanji. Safunsa anadya phula. Pulofesa wotchuka amene amaoneka kawiri pa semesita amawononga ophunzira ambiri kuposa mphunzitsi wachinyamata amene amakhala nawe pa bolodi sabata iliyonse.

Imelo yoyamba kwa iye ikhale yaifupi: makosi amene mwachita, pepala lake limodzi limene mwawerengadi, ndi funso lenileni lochokera mu pepalalo. Imelo yoti ndimakonda quantum gravity ndi zinsinsi za chilengedwe siyankhidwa.

Mphatso:
Kagawidwe ka zaka, pa PhD ya zaka 4, kamayenda motere. Chaka choyamba n'chowerenga, koma kuwerenga ndi pensulo: mutenge mapepala 3 kapena 4 amene woyang'anira wakupatsani, mubwereze umboni uliwonse nokha, makamaka pamene alemba kuti n'zosavuta kuona. Pamenepo ndi pamene pamabisala njira zenizeni za ntchitoyi. Chakumapeto kwa chakacho mupatsidwe funso laling'ono, lotheka m'miyezi 6: theorem yodziwika kale, inu muichotsere assumption imodzi, kapena muisamutsire ku dimension ina. Likuoneka lonyozeka koma ndi limene limakuphunzitsani kumaliza chinthu. Chaka chachiwiri pepala loyamba likhale pa arXiv. Chachitatu n'cha funso lalikulu la thesis. Chachinayi sichanu chonse, chifukwa kufunsira postdoc (ntchito ya kafukufuku yosakhalitsa ya amene wamaliza PhD) kumayamba pafupifupi chaka musanamalize, ndiye zimene zili pa arXiv pofika October kapena November wa chaka chomaliza ndi zimene mudzayezedwe nazo. Ambiri amazindikira izi mochedwa.

Chinanso: funso la Yang-Mills ndi mass gap, limene Clay Mathematics Institute inaika mu 2000 ndi mphoto ya madola 1 miliyoni, si mutu wa thesis. Navier-Stokes chimodzimodzi. Woyang'anira wabwino sangakulolereni.

Bambo Kachingwe:
Ndikufuna ndikhazikike pang'ono pa cholakwika chimene chimapha mapepala oyamba ambiri, chifukwa chimabwera mobwerezabwereza: kusinthanitsa ma limit awiri popanda chilolezo.

Tengani Ising model. Muli ndi ma spin N, iliyonse yoloza m'mwamba kapena pansi, oyandikana amafuna kuloza kumodzi. N ikakhala ndi malire, partition function ndi kuphatikiza ma exponential 2^N, chinthu chosalala pa temperature iliyonse. Palibe phase transition. Komanso magnetic field h ikakhala zero, kutembenuza ma spin onse sikusintha energy, ndiye magnetization ndi zero ndendende. Wophunzira wothamanga amaika h = 0 poyamba, kenako n'kukulitsa N, n'kupeza zero, n'kunena kuti palibe maginito. Njira yolondola ndi kusiya h ili pamwamba pa zero pang'ono, kukulitsa N mpaka infinity, kenako kutsitsa h. Mu dimension 2, temperature ikatsika mokwanira, yankho silikhalanso zero. Ma limit omwewo, dongosolo losiyana, mayankho osiyana. Fizikisi yonse ya maginito ili mu kusiyanako.

Mbiri yake ikuonetsanso m'mene phunziroli limayendera. Ising mu 1925 anapeza kuti mu dimension 1 mulibe phase transition. Peierls mu 1936 anabwera ndi ganizo la dimension 2: chilumba cha ma spin otembenuka chili ndi malire, malire a utali L amadya energy 2JL (J ndi mphamvu yolumikiza ma spin oyandikana), ndipo kuchuluka kwa malire a utali umenewo kumakula ngati 3^L. Kukazizira, e^(-2JL/kT), pamene T ndi temperature ndipo k ndi constant ya Boltzmann, imagonjetsa 3^L, zilumba zikuluzikulu zimasowa, maginito amakhala. Ganizolo linali lolondola koma umboni unali ndi bowo, ndipo anadzautseka ndi Griffiths mu 1964 ndi Dobrushin mu 1965. Onsager mu 1944 anawerengera free energy ya dimension 2 ndendende, ndipo malo osinthira ali pa kT/J pafupifupi 2.269. Mu dimension 3 yankho lotero palibe mpaka lero, ndipo umboni woti magnetization imatsika mpaka zero mosadumpha pa critical temperature unangotuluka mu 2015, wa Aizenman, Duminil-Copin ndi Sidoravicius.

Ndiye paliponse pamene mwalowetsa limit mkati mwa integral, kapena derivative mkati mwa sum yopanda malire, lembani pambali kuti chikukulolani n'chiyani: dominated convergence, monotone convergence, uniform bound, Fubini. Ngati simungatchule, pamenepo pali bowo. Muonenso ma constant anu. Mukalemba kuti chinthu n'chochepera C, C ameneyo akudalira N? Ngati akudalira, limit yanu yagwa.

Mbale wake wa cholakwikachi ndi kukhulupirira kuti perturbation series imafika pa yankho. Dyson anafotokoza mu 1952 chifukwa chimene series ya QED (quantum electrodynamics) siyenera kutero. Ma term oyamba amapereka nambala yabwino kwambiri, koma zimenezo si umboni woti theory ilipo.

Tiyamike:
Izi ndazilemba. Pepala likatha, limapita kuti?

Nachisale:
Poyamba ku arXiv, imene Paul Ginsparg anaiyambitsa mu 1991. Gawo lathu ndi math-ph, ndipo mumawonjezera gawo lachiwiri loyenera, monga math.PR, math.AP, quant-ph kapena gr-qc, kuti anthu a nthambi yanu alione. Wotumiza koyamba amafunika wina wodziwika kale m'gawolo amuvomereze. Chofunika kudziwa: version yoyamba sifufutika. Mukhoza kuika yachiwiri yokonza, koma yoyamba imaonekabe. Choncho musanatumize, lisiyeni pepalalo sabata imodzi osalikhudza, muliwerengenso ngati mdani wake, ndipo mnzanu mmodzi abwereze lemma yovuta kwambiri pa bolodi.

Kenako journal. Communications in Mathematical Physics, imene inayamba mu 1965 pansi pa Rudolf Haag, ndi imene a masamu ndi a fizikisi onse amailemekeza. Palinso Annales Henri Poincaré, Letters in Mathematical Physics, Journal of Mathematical Physics, ndi Journal of Statistical Physics. Amene wasankha nyumba ya masamu ayesetse kukhala ndi pepala limodzi kapena awiri mu journal ya masamu enieni, ya analysis, probability kapena geometry, chifukwa pa komiti padzakhala munthu wa algebra amene sadziwa journal zathu. Wa nyumba ya fizikisi amathandizidwa ndi pepala lalifupi mu Physical Review Letters, kumene malire ndi mawu 3750, umboni wautali n'kuutulutsa kwina.

Kuunika kumatenga nthawi. Miyezi 6 mpaka chaka si zachilendo pa pepala la masamba 50. Ikadutsa miyezi 6 muli chete, kalata yaulemu kwa mkonzi ndi yololedwa. Osatumiza pepala limodzi ku journal ziwiri nthawi imodzi. Wowunika akanena kuti sakumvetsa sitepe ina, musakangane naye kuti n'zoonekeratu, lembaninso sitepeyo mokwanira. Ndipo journal imene yakulemberani imelo yokutamandani, n'kulonjeza kusindikiza m'masabata 2 mukalipira, ithaweni. Pepala lotuluka kumeneko limadetsa CV.

Ku masamu ndi ku hep-th mayina a olemba amaikidwa motsatira alifabeti. Ndiye kukhala woyamba sikutanthauza kanthu. Amene amafotokoza kuti ganizo linali la ndani ndi makalata okuchitirani umboni, n'chifukwa chake pepala limodzi lolemba nokha, kapena lopanda woyang'anira wanu, limalemera kwambiri.

Mphatso:
Postdoc tsopano. Ambiri amachita imodzi kapena ziwiri, iliyonse zaka 2 kapena 3, kawirikawiri m'mayiko osiyana. Malo amalengezedwa pa MathJobs, pa AcademicJobsOnline, pa INSPIRE, ndi mu nkhani za International Association of Mathematical Physics. Masiku otsekera ambiri a ku America amagwa pakati pa November ndi December, mayankho amabwera January ndi February, ntchito n'kuyamba cha mu August kapena September. Ku Ulaya malo amatuluka chaka chonse chifukwa ambiri amamangidwa pa grant ya pulofesa wina.

Zofunika ndi CV, mndandanda wa mapepala, research statement ya masamba 3 mpaka 5, ndi makalata 3 kapena 4. Ku madipatimenti a masamu a ku America kalata imodzi ikhale yonena za kaphunzitsidwe kanu. Mwa makalata a kafukufuku, imodzi ichokere kwa munthu wa kunja kwa yunivesite yanu, ndipo munthu wotero mumamupeza pokamba pa misonkhano ndi masukulu a tchuthi kuyambira chaka chachiwiri. Apempheni kudakali miyezi 2. Research statement iyambe ndi zimene mwatsimikizira, m'ndime imene wa nthambi ina angaimve, kenako mafunso 2 kapena 3 a mtsogolo, limodzi loti n'lotheka ndithu, lina lolimba mtima, ndi njira imene mudzayambire.

Werengani malamulo a ma fellowship musanataye sabata. Ya NSF (National Science Foundation ya ku America) ya masamu ndi ya nzika za America ndi okhala kumeneko mokhazikika. Ya Marie Skłodowska-Curie imatseka mu September, ndipo simuyenera kukhala mutakhala m'dziko limene mukupitalo miyezi yoposa 12 pa miyezi 36 yapitayo. Ya Humboldt ya ma postdoc imafuna kuti pasadutse zaka 4 chimalizireni PhD, ndipo muyenera kupeza kaye pulofesa wokulandirani ku Germany.

Cholakwika chachikulu pa postdoc ndi kupitiriza thesis mpaka kalekale. Komiti yolemba ntchito yokhazikika imafuna kuona kuti muli ndi funso lanulanu, losiyana ndi la amene anakuphunzitsani.

Yamikani:
Tisabise mbali yowawa. Zaka zimenezi, munthu ali pakati pa 28 ndi 35, amasamuka dziko zaka 2 kapena 3 zilizonse, viza yatsopano, nyumba yatsopano, ndipo ngati ali pabanja mnzake amayenera kusiya ntchito kapena kukhala motalikirana. Malo okhazikika ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi omaliza PhD. Anthu aluso ndithu amachoka, ndipo si kuti alephera. Amapita ku ntchito za quantum computing, zachuma, mapulogalamu a kompyuta, machine learning. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa aliyense wa PhD kuti adziwe kulemba Python kapena chilankhulo china bwinobwino. Zimathandizanso pa kafukufuku: musanathe miyezi 4 mukutsimikizira inequality, iyeseni pa kompyuta ndi ma matrix ang'onoang'ono 1000. Ikakhala yabodza mudziwa tsiku lomwelo.

Bambo Kachingwe:
Ntchito yokhazikika nayo ili ndi maonekedwe osiyana. Ku America mumalowa ngati assistant professor, m'chaka cha 6 amakuunikani ndi makalata a akatswiri akunja, mukapambana mwakhazikika, mukalephera mumapatsidwa chaka chimodzi chofunafuna kwina. Ku UK lecturer amakhazikika akadutsa nthawi yoyesedwa. Ku France maître de conférences, wofanana ndi lecturer, ndi ntchito yokhazikika kuyambira pachiyambi, yophunzitsa maola 192 pa chaka, ndipo ofufuza a CNRS, bungwe la boma la kafukufuku, alibe udindo wophunzitsa, koma mpikisano wake ndi woopsa. Ku Germany njira yakale ndi Habilitation (chiyeneretso cha pamwamba pa PhD cholola munthu kuphunzitsa payekha pa yunivesite), yatsopano ndi Juniorprofessur (upulofesa woyambira), ndipo lamulo limaika malire a zaka 6 za makontrakiti osakhalitsa munthu atamaliza PhD, kupatula pamene ndalama zikuchokera ku grant.

Mukaitanidwa ku intavyu mudzakamba ola limodzi pamaso pa dipatimenti yonse. Mphindi 15 zoyamba zimveke kwa aliyense: funso la fizikisi ndi lotani, n'chifukwa chiyani ndi lovuta. Kenako theorem yanu, yolembedwa bwino pa silaidi imodzi. Kenako ganizo limodzi lokha la mu umboni. Amene amathira ma estimate masilaidi 40 amataya chipinda chonse.

Ndipo mukalowa, nthawi ya kafukufuku imachepa. Makosi, mayeso, makomiti, ophunzira anu, kulemba zopempha grant, kuunika mapepala a ena kwaulere. Amene amapitirizabe kutulutsa ndi amene amatchinga masiku 2 pa sabata, kapena m'mawa uliwonse, osalola msonkhano uliwonse kulowapo.

Nachisale:
Ndiwonjezere za amayi, poti ophunzira aakazi amafunsa. Emmy Noether anamaliza udokotala ku Erlangen mu 1907, n'kugwira ntchito kumeneko zaka 7 osalipidwa. Hilbert ndi Klein anamuitanira ku Göttingen mu 1915, koma makosi ake ankalengezedwa m'dzina la Hilbert chifukwa mkazi sankaloledwa Habilitation. Theorem yake yolumikiza symmetry ndi zinthu zosasintha monga energy ndi momentum inatuluka mu 1918, Habilitation n'kuipeza mu 1919. Yvonne Choquet-Bruhat mu 1952 anatsimikizira kuti ma equation a Einstein ali ndi yankho mukapereka poyambira poyenera, ndipo mathematical relativity yonse yamangidwa pamenepo. Malamulo otsekereza aja anachoka, koma zaka za postdoc zimagwerabe pa zaka zobereka. Ma fellowship ambiri, kuphatikizapo a European Research Council, amawonjezera nthawi yoyenerera kwa amene anabereka. Muzilemba nthawi imeneyo pa CV momveka, musaibise.

Tiyamike:
Funso lomaliza. Amene wapeza ntchito pa yunivesite imene kuphunzitsa n'kochuluka, ndipo m'dipatimenti yonse wa phunziroli ndi iye yekha, angapitirize bwanji kafukufuku?

Mphatso:
N'zotheka, koma akonzeretu asanachoke kumene anachita postdoc. Achoke ndi anzake 2 olemba nawo ndi mafunso amene ayambika kale, chifukwa kuyamba funso latsopano uli wekha ndi makalasi 4 n'kovuta zedi. Akhazikitse tsiku ndi ola lokumana pa intaneti sabata iliyonse, lisamasunthe. ICTP ili ndi dongosolo la Associates, limene Salam analikonzera anthu otere: munthu amakhalabe pa yunivesite yake koma amapita ku Trieste kangapo pa zaka zingapo, ulendo ndi malo ogona zolipiridwa. Oberwolfach ku Germany ili ndi pulogalamu yoti anthu 2 mpaka 4 akakhale limodzi masabata angapo akugwira funso limodzi. International Congress on Mathematical Physics imachitika zaka 3 zilizonse, ndipo thandizo la ulendo limafunika kupempha msanga.

Mabuku si vuto lalikulu monga kale: pafupifupi pepala lililonse latsopano lili pa arXiv, ndipo zbMATH Open, ndandanda wa mapepala a masamu, ndi yaulere kuyambira 2021. Asankhe nthambi imene siithamanga kwambiri. Spectral theory, statistical mechanics ya umboni, integrable systems, funso limatha kudikira chaka osalandidwa. Ku hep-th mutu wotentha umatha m'miyezi yochepa, ndipo wa makalasi 4 sangapikisane ndi gulu la ma postdoc 10.

Nachisale:
Ndipo ayambitse semina yowerenga ndi ophunzira ake a chaka chomaliza, ngakhale atakhala 3. Atenge umboni wa Peierls umene bambo Kachingwe afotokoza uja, ndi wokwana masabata 4: sabata yoyamba kutanthauzira model ndi boundary condition, yachiwiri kujambula malire a zilumba ndi kuwawerenga, yachitatu estimate ya energy, yachinayi limit. Wophunzira aliyense aime pa bolodi sabata yake. Amene wafunsa yekha kuti nanga C uyu akudalira kukula kwa bokosi, ameneyo mulembereni kalata ya ku Trieste.